Mabedi a Zidole

"Pang'onopang'ono inu! Amenewo si matumba a simenti!"

Mkulu wa chipatala anali ataima pakhomo la wodi ya amayi oyembekezera, tayi ili pakhosi, thukuta lili kamukamu, akulondolera anyamata amene ankatsitsa mabedi mu lole. Mabediwo anali okongola osati masewera: oyera mbee, a matayala m'miyendo, matiresi ake onenepa. Anthu onse pachipatalapo ankawatchula bambowa kuti a Zilibwino, chifukwa ukawafunsa za mankhwala, za madzi, ngakhale za denga lodontha, yankho lawo linkakhala lomwelo, lakuti zonse zili bwino.

Mzamba anatuluka m'wodimo atanyamula beseni. Ataona lole, anaika beseni pansi n'kugwira m'chiuno.

"Alamu, zayambikanso?"

"Zayambika chiyani? Simunamve kuti lero kukubwera alendo a ku unduna wa zachuma?"

A Zilibwino anali amuna a achemwali ake a mzambayo. Ndiwo anamuthandiza kuti atumizidwe pachipatalachi, n'kumupezeranso nyumba ya boma kuseri kwa ofesi, momwe ankakhala ndi ana ake. Zimenezi mzamba sankaziiwala, ndipo eni akewo sankalola kuti aziiwale.

Mabedi aja anali a ku sukulu ya anamwino, kumtunda kwa msewu womwewo. Kumeneko ankagonapo zidole zikuluzikulu za pulasitiki, zimene ophunzira amayeserapo kusambitsa wodwala ndi kubaya jakisoni. Kukamabwera alendo, chipatala chinkabwereka mabediwo m'mawa n'kuwabweza madzulo. Mabedi akeake a wodiyo anali ochepa, adzimbiri, lina lochita kuchirikiza ndi njerwa, ndipo tsikulo anali atawakokera kale kuseri kwa mpanda kuti asachititse manyazi. Masiku ena onse amayi ambiri ankagona pansi, ena m'khonde, ena kunsi kwa mabedi a anzawo.

"Alamu, tiyeni tikambirane ngati anthu akuluakulu," anatero mzamba. "Chaka chatha tinachita zomwezi. Alendo anatiombera m'manja, n'kutipatsa chikho choti ndife chipatala cha chitsanzo. Nanga mabedi atsopano anapita kuti? Anapita ku chipatala cha m'tauni, komwe mpaka lero angowaunjika m'khonde osawamasula n'komwe. Ife tinatsala ndi chikho. Tandiuzani, mayi angaberekere pa chikho?"

"Tsitsani mawu, anthu akumva."

"Amve! Inu nomwe munatiwerengera uthenga uja, woti chaka chino ndalama azigawa potengera zimene aona ndi maso, osati potengera amene ali ndi mbale wake ku likulu. Ndiye tikawaonetsa mabedi a eni, atipatsa chiyani? Chikho china?"

A Zilibwino anamukokera pambali, pafupi ndi thanki ya madzi. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi, ndipo mawu awo anafewa.

"Alamu, inu boma simulidziwa. Ine ndakaliramo. Akaona amayi pansi sanena kuti chipatala chilibe mabedi ayi. Anena kuti mkulu wa chipatala ntchito yamukanika. Ine ndatsala pang'ono kupuma. Mukufuna achemwali anu azidya chiyani?"

"Ndiye amayiwa azigonabe pa simenti kuti inu mupume bwino?"

Nkhope ya a Zilibwino inauma. Anavalanso magalasi aja.

"Kumalire kuli kachipatala kopanda magetsi, kopanda sukulu pafupi. Kakusowa mzamba, ndipo akhala akundipempha dzina. Mpaka pano ndakhala ndikuwazemba. Musandikakamize, alamu."

Mzamba anaganiza za mwana wake wamkazi amene anali pafupi kulemba mayeso, n'kutola beseni lake. Mantha anamugwira ndithu, tisamubisire, ndipo anadzida yekha chifukwa cha manthawo.

Koma nkhani sinathere pa kubwereka. Akulu a ku sukulu ya anamwino anali atachenjeza kuti bedi likadzabwerako ndi kadontho ngakhale kamodzi, kubwerekana kwatha. Ndiye taganizani inu: mabedi a m'wodi ya amayi oyembekezera, koma mayi woyembekezera weniweni osaloledwa kugonapo, kuopa kuti angadetse! Lamulo linatuluka loti amayi onse otopa, amene masiku awo anali atayandikira, akadikire kaye m'kachipinda kosungiramo zinthu zakutha, kuseri kwa khitchini. Pamabedipo anaikapo odikirira odwala amene ankaoneka osamba, mtsikana wophika, ndi mayi wokolopa amene aliyense ankamutchula kuti azakhali.

"Ine, bwana?" anadabwa azakhali, chokolopera chili m'manja. "Ine ndili ndi zidzukulu ine!"

"Palibe akufunsani za zidzukulu. Fundani mpaka m'mphuno."

"Nanga akandifunsa kuti mimba ndi ya miyezi ingati?"

"Muzikhala ngati mwagona tulo."

Azakhali anavula nsapato n'kukwera. Anadzitambasula, natembenukira uku, natembenukira uko, kenako anapuma mozama.

"Ee! Koma zidole zikumva kukoma m'dziko muno, anthu inu. Msana wanga uwu sunalaweko zoterezi chibadwire."

Anthu anaseka, ngakhale a Zilibwino anamwetulira pang'ono. Mzamba yekha sanaseke. Iye ndiye anapatsidwa ntchito yotsogolera amayi aja ku kachipinda, ndipo anaigwira. Anayenda patsogolo, iwo pambuyo pake pang'onopang'ono, wina atagwira msana, wina atasenza kachikwama pamutu, wina miyendo itatupa ngati mitondo. M'kachipindamo munali zitini za penti, njinga za odwala zothyoka ndi zidebe zobooka, ndipo zenera lake linali limodzi laling'ono, pamwamba. Chimene chinamupweteka kwambiri mzamba n'chakuti panalibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anadandaula. Anangoyala nsalu zawo n'kukhala, ngati kuti ndi mmene zinthu zimayenera kukhalira.

"Pepani amayi," anatero. "Alendo akangodutsa ndibwera kudzakutengani."

"Musadandaule a sisita," anayankha wa miyendo yotupa uja. "Ife tinazolowera."

Alendo anachedwa, monga achitira alendo a boma. Dzuwa linakwera mpaka kuswa mtengo. M'wodi muja azakhali anagona tulo tenitenidi, mkonono uli pakamwa. Ku kachipinda kuja malata anatentha, fungo la penti linakwera, ndipo amayi anayamba kudzikupiza ndi m'mphepete mwa nsalu. Mzamba ankangoyendayenda pakati pa kachipindako ndi chipinda chochilira, momwe mayi wina anali pabedi lokhalo lochilirapo, akulimbana ndi mwana wosafulumira.

Atabweranso ku kachipinda ndi botolo la madzi akumwa, anapeza amayi atazungulira mtsikana wina wa mimba yoyamba. Mtsikanayo anali atagwada, atagwira gudumu la njinga yothyoka, akuluma nsalu kuti asakuwe. Pansi panali patanyowa.

"Nsupa yasweka, a sisita," anatero mayi wina. "Wayamba kalekale, koma amaopa kunena. Akuti angasokoneze alendo."

Mzamba anagwada n'kumuyeza. Mwana anali atatsika kale, panalibenso zodikira. Nthawi yomweyo kunja kunamveka magalimoto akulowa pageti, zitseko zikutsekedwa phwa phwa, ndi mawu a a Zilibwino akulandira alendo mokweza ngati ali pa wailesi.

Mzamba anayang'ana pansi pamene mtsikanayo anagwada. Panali fumbi, zitosi za makoswe ndi misomali yadzimbiri. Anayang'ananso nkhope ya mtsikanayo, imene sinkasiyana kwenikweni ndi ya mwana wake. Mkwiyo unamukwera, ndipo mantha aja anasowa pokhala.

"Dzuka, mwanawe. Ndigwire paphewa apa."

"Tikupita kuti, a sisita?"

"Ku wodi. Kodi unabwera kuno kudzaberekera pa misomali?"

Anadutsa kuseri kwa khitchini, nakwera khonde, mtsikana akuima pang'ono ululu ukamugwira. Atalowa m'wodi anapeza alendo ali kale momwemo: abambo atatu a majekete, ndi mayi wina wamtali wa tsitsi lometa, amene ankaoneka kuti ndiye mtsogoleri. Mayiyo ankayang'ana mabedi ndi maluwa a pazenera ndi maso otopa. A Zilibwino anali pakati pofotokoza kuti pachipatala pawo mayi aliyense ali ndi bedi lake.

Mzamba sanapereke moni kwa aliyense. Anafika pabedi la azakhali n'kukoka bulangete.

"Dzukani azakhali, tchuthi chatha."

Azakhali anadzidzimuka n'kutsika, yunifolomu yawo yokolopera ili poyera. Mzamba anamugoneka mtsikana uja pa matiresi oyera aja n'kuyamba kuvala magolovesi.

"Alamu!" A Zilibwino anayesa kunong'ona, koma mawu anawapulumuka. "Bedi limenelo ayi!"

Mayi wa ku unduna anatembenuka.

"Bwanji ayi?"

A Zilibwino anayang'ana mlamu wawo ndi maso opempha, maso a munthu amene anadya naye m'mbale imodzi zaka zambiri. Mzamba anawaona masowo, ndipo anamumvetsa chisoni, koma anayankhabe.

"Chifukwa si lathu, mayi. Mabedi onsewa ndi obwereka. Eni ake ndi zidole za ku sukulu ya anamwino, ndipo madzulo ano akubwerera kwawo. Tauzidwa kuti tisawadetse. Afunseni amene agonawa kuti woyembekezera ndi uti."

"Ine ndimakolopa," anatero azakhali msangamsanga, ngati akuopa kuti mlandu ungawagwere.

"Ine ndimaphika," anatero mtsikana wa pabedi lina, akudzuka.

Mmodzi wa abambo a majekete anaseka, koma ataona nkhope ya mtsogoleri wake anasandutsa kusekako chifuwa.

"Tsopano abambo nonse tulukani, pano pali ntchito," anatero mzamba akukoka chotchingira. "Inu mayi, ngati mwabwera kudzaona chipatala, chipatala chili kuseri kwa khitchini. Chitseko chake sichitsekeka bwino, mungokankha ndi phazi."

Anatuluka onse, a Zilibwino pambuyo. Mzamba anawaiwala nthawi yomweyo. Anatsala ndi mtsikana, ndi azakhali amene anasamba m'manja n'kumugwira mutu.

"Kankha, mwanawe! Usakuwe, mphamvu upititse pansi. Kankhanso! Eya, choncho!"

Mwana anabadwa wamkazi, wa tsitsi lambiri, ndipo analira mokweza mpaka kumveka pageti. Matiresi oyera aja sanalinso oyera. Azakhali anawayang'ana n'kupukusa mutu.

"Kadontho kamodzi anatero, eti? Apa ndiye atipachika."

Mzamba atamaliza kumusoka mtsikanayo ndi kumufunditsa, anatuluka kukasamba pa mpopi wa m'khonde. Mayi wa ku unduna anamupeza pomwepo. Siketi yake inali ndi penti m'mphepete, kusonyeza kuti m'kachipinda muja sanangosuzumira.

"Sabata yonse ino tikuyenda m'zipatala," anatero mayiyo. "Kulikonse tikupeza mabedi oyera ndi maluwa pazenera. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi odandaula aja amadandaula chiyani. Tsopano ndalamazo tizigawa bwanji, ngati aliyense akutibisira pamene pali bala?"

"Mudzifunsenso kuti n'chifukwa chiyani amabisa," anayankha mzamba, osasiya kutsuka manja. "Alamu anga aja si munthu woipa. Anaona anzawo akuchotsedwa ntchito chifukwa chonena zoona. Inu mumapereka chikho kwa wobisa, chikwapu kwa wonena, ndiye mukudabwa chiyani?"

Mayiyo sanakwiye. Anangogwedeza mutu.

"Sindikulonjezani mabedi. Sindigawa ndekha. Koma zimene ndaona ndikazinena momwe ziliri."

"Musalonjeze, mayi. Malonjezo tili nawo ambiri, tilibe powasunga. Mukangonena basi."

Abambo a majekete aja anadya nkhuku zimene zinakonzedwa, poti nkhuku zinalibe mlandu. Mtsogoleri wawo anangomwa madzi. Kenako magalimoto anatuluka pageti, fumbi linatsika, ndipo mzamba anapita kukatenga amayi ake ku kachipinda. Anabwerera m'wodi n'kukhala pansi m'mphepete mwa khoma, monga mwa masiku onse, moyang'anizana ndi mabedi opanda anthu.

Dzuwa litapendeka, lole inabweranso. A Zilibwino analowa m'wodi tayi atavula, anyamata onyamula katundu ali pambuyo pawo. Sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunamuuza mzamba kuti zinthu zatha.

"Mwandivula pamaso pa alendo, alamu. Ine amene ndinakutolani."

"Munanditola, sindikukana. Ndinathokoza, ndipo ndikuthokozabe."

"Foni ndaimba kale. Mwezi ukatha mukupita kumalire kuja. Nyumba ija mutuluke, ikufunika."

Mzamba ankadziwa kuti zibwera, koma kudziwa ndi kumva n'zosiyana. Anaganiza za mayeso a mwana wake, za kadimba kake ka kuseri kwa nyumba, za achemwali ake amene tsopano azisowa poyang'ana. Misozi inafika m'maso, koma anaikaniza kutuluka.

"Ndamva, bwana," anatero. Aka kanali koyamba kuwatchula choncho.

A Zilibwino anakodola anyamata aja. Woyendetsa lole, bambo wamfupi wa kapu, anafika pabedi la mtsikana wochira uja n'kuima mwamanyazi.

"A sisita, bedi."

"Mayiyu ndamusoka kumene. Sakutsika."

"Koma anandiwerengera, akuti ndibweze onse."

"Ndiye nyamulani. Nyamulani bedi, mayi ndi mwana yemwe, mukawagoneke pakati pa zidole. Mukawauze akulu a sukulu kuti boma limene linagula bedili ndi lomwenso mayiyu amalipirako msonkho akagula sopo."

Woyendetsa lole anavula kapu n'kukanda m'mutu. Anayang'ana a Zilibwino, a Zilibwino anayang'ana kudenga.

"Siyani limenelo," anatero a Zilibwino potsiriza. "Tengani enawo."

Anyamata anagwira bedi loyandikira khomo. Asanalisunthe, mayi wa miyendo yotupa uja anadzuka pansi pomwe anakhala, pogwira khoma. Anayenda mwakachetechete, nadutsa pakati pa anyamatawo, nakhala pabedipo. Anakweza mwendo umodzi ndi manja ake, kenako winawo, n'kugona chotembenukira kukhoma.

Mayi wina anadzuka n'kukwera bedi lotsatira. Wina anatsatira, winanso. Panalibe amene anawauza, ndipo mzamba nayenso anangoti kakasi ngati anthu ena onse. Mabedi atatha, otsala anakwera awiriawiri, wina mutu uku, wina mutu uko. Pansi panatsala mapatapata okhaokha.

"Amayi, tsikani!" anatero a Zilibwino. "Amayi, ndikulankhula ndi inu!"

"Agona tulo, bwana," anayankha azakhali, atatsamira chokolopera.

Woyendetsa lole anavalanso kapu yake.

"Bwana, ine anandituma mabedi. Za kutsitsa amayi apakati sizili pa ntchito yanga. Mkazi wanganso ali choncho kunyumba."

Anatuluka, anyamata ake pambuyo, ndipo lole inabwerera kumtunda yopanda kanthu. A Zilibwino anaima kanthawi pakati pa wodi, foni ikulira m'thumba osaiyankha. Kenako anatuluka osayang'ana mlamu wawo.

Mzamba anayendera amayi onse bedi ndi bedi, kuwayeza ndi kuwafunditsa. Atamaliza anapita pakona ya wodi, pomwe panali mulu wa makatoni ophwasula amene amayi ankayala kunsi kwa nsalu zawo kuti simenti isawazizire. Anasankha olimba, nawamanga ndi chingwe, nawakwezera pamutu.

"Amenewo mukupita nawo kuti?" anafunsa azakhali.

"Ndikapakiremo mbale zanga. Kumalire n'kutali, zingasweke."

Azakhali anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Nanga lole ikabweranso mawa, a sisita?"

Mzamba anakonza makatoni pamutu, n'kukankha chitseko ndi phewa.

"Mwezi sunathe, azakhali. Mawa andipeza pakhomo pompano."